Za namapopa wachikondi, ndi khutu la mnyamata wina

Kuno dzuwa latikhaulitsa. Nandolo tamenya, tagulitsa, ndipo ndalama zake zatha kale monga mwa nthawi zonse. Lero sindilemba za mtengo wa feteleza kapena za anankafumbwe. Ndili ndi nkhani yoti ena a inu museka, koma werengani kaye mpaka pansi, kuseka kubwere pambuyo.

Ine munthu wa imvi m'mutu, wa zidzukulu, ndinakhala pa mkeka madzulo asanu kuonera mafilimu a ana a sukulu. Dzina lake amati Twilight. Nkhani yake ndi ya mtsikana amene wagwa m'chikondi ndi namapopa. Eee, mwawerenga bwino, namapopa. Mwini nkhani ino ndi mwana wanga wotsiriza, wa Fomu 3, ndipo ndamupempha ndisanalembe. Anati, "Lembani ababa, koma dzina langa lisaoneke." Nde dzina simuliona.

Zinayamba chonchi. Usiku wina agalu anauwa kwambiri, ine n'kudzuka kukazonda mbuzi. Ndikudutsa pa kanyumba kamene amagona mtsikanayu ndinamva kusisima. Mtima unagunda, ndimati mwina malungo. Ndinagogoda.

"Iwe, chavuta n'chiyani? Ukudwala?"

"Ayi ababa, ndi filimu chabe."

"Filimu yoliza munthu pakati pa usiku?"

"Edward wamusiya Bella."

Ine kumva choncho ndinafunsa kuti Edward ameneyo ndi mwana wa kwa yani, chifukwa m'mudzi muno mulibe Edward wa msinkhu wosiya mkazi. Mwana uja misozi ili m'maso anayamba kuseka. Kenako anati, "Si wa kuno, ndi wa ku America. Ndi namapopa, koma ndi wabwino."

Abale, mawu amenewo anandizizira m'thupi monse. Inu a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu mwina mukhoza kutchula namapopa uku mukumwa tiyi. Ife a kuno ku Phalombe mawu amenewa sitiseweretsa.

Mukukumbukira 2017. Mwezi wa September mphekesera inabuka ku Mulanje, ena amati yachokera ku Mozambique, yoti kwabwera anthu opopa magazi usiku. Sabata zochepa zokha inafika kuno, ku Thyolo, ku Chiradzulu, ku Nsanje mpaka mu mzinda wa Blantyre. Anthu osachepera 9 anaphedwa powaganizira kuti ndi anamapopa. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi kuno. Boma linaletsa kuyenda usiku. Pulezidenti Peter Mutharika anachita kuyenda m'maboma amenewa kuchititsa misonkhano. A zaumoyo ananena poyera kuti pa onse amene ankati apopedwa palibe ndi mmodzi yemwe amene anapezeka ndi umboni wake. Koma ndani ankamva? Achikulire anzanga mukumbukiranso 2002, nthawi ya a Muluzi, chaka cha njala, pamene kunamveka zoti boma likusinthanitsa magazi athu ndi chimanga cha thandizo. Matenda ake ndi omwewo, amangogona n'kudzukanso.

Ife mu 2017 tinasiya kugona m'nyumba. Amayi ndi ana ankagona pamodzi pabwalo la amfumu, ife amuna kuzungulira ndi zibonga, zikwanje ndi mawezulo. Wina akangokuwa kuti wamva fungo lachilendo kapena waona kuwala pa denga, basi mudzi wonse zitini kulira. M'mawa kumunda osapitako, tulo tokhatokha. Mwana wangayu nthawi imeneyo anali ndi zaka 9, ankagona atagwira chitenje cha mayi ake osachisiya.

Tsopano pali chinthu chimene sindinalembepo pano ngakhale kamodzi. Tsiku lina chakumadzulo tinatseka msewu ndi mitengo. Kunatulukira mnyamata pa njinga yakapalasa, chikwama kumsana. Nkhope yachilendo. Tinamuimitsa, tinatsegula chikwama. Munali timawaya, kabatire, ndi kachipangizo kena ka singano ziwiri, ina yofiira ina yakuda. Wina anakuwa kuti, "Ndi zimenezi zopopera!" Mnyamata uja anayesa kunena kuti amakonza masola, kachipangizoko ndi koyezera moto wa batire. Palibe anamumvera. Anamugwetsa. Ine ndinali pomwepo, ndodo ili m'manja, ndipo ndinamumenya. Kamodzi kokha, cha m'mutu, mbali ya kumanzere. Ndakhala ndikudziuza zaka zonsezi kuti kanali kamodzi kokha, ngati kuti kamodzi si kumenya. Anamupulumutsa ndi gogo wina wamkazi amene anadzigwetsa pamwamba pake akukuwa kuti, "Mwana wa mchemwali wanga uyu, mupha mwana wa mchemwali wanga!" Anali akubwera kudzawakonzera sola gogo omwewo. Sanafe. Koma khutu lija silinamvenso.

Nde mukuona chifukwa chake mawu oti "namapopa wabwino" anandikhala pakhosi. Ndinalanda foni ija usiku womwewo. M'mawa mayi a kunyumba anati, "Abambo, musanakalipe, bwanji muone kaye chimene akuonera? Mukalanda chabe akaonera kwa anzake." Anthu aakazi amaona patali. Ndinamuuza mwana uja kuti achotse memole mu foni, tiike pa ka TV kamene anatumiza mchimwene wake wa ku Joni, tionere tonse. Chizungu changa ndi cha Sitandade 6, cha "gudumoningi ticha", nde iye anakhala wotimasulira.

Kwa amene simunaonere, nkhani yake ili motere. Mafilimuwa alipo 5. Oyamba anatuluka mu 2008, chaka chimene mwana wangayu anabadwa, otsiriza mu 2012. Anawatenga m'mabuku a mayi wina wa ku America, Stephenie Meyer. Mtsikana Bella, wa zaka 17, wachoka kwa mayi ake ku Phoenix, dera lotentha, kukakhala ndi bambo ake ku Forks, katauni kakang'ono kozunguliridwa ndi nkhalango. Kumeneko mvula ndi ya tsiku ndi tsiku, dzuwa kuoneka mwa apo ndi apo. Ine poona ndinati malo ngati amenewo bwenzi nditadzala mpunga ndi nzimbe, koma mu mafilimu onse asanu sindinaone munthu ndi mmodzi yemwe atagwira khasu. Kusukulu Bella akumana ndi Edward, mnyamata wotuwa ngati wadwala chaka chathunthu, wosadya, wosagona, wozizira thupi. Tsiku lina galimoto itatsala pang'ono kumupsinja Bella, Edward anaiimitsa ndi dzanja limodzi. Apo mtsikana anayamba kufufuza mpaka anadziwa kuti mnzakeyo ndi womwa magazi.

Ndisaname, ndinaseka malo ambiri. Namapopa wa kwathu kuno ankati amalowera pa denga ndi mapaipi. Wa ku America akaima padzuwa amanyezimira ngati malata atsopano. Amayenda pa galimoto yodula, nyumba ya magalasi okhaokha, bambo wa pa banjapo ndi dokotala pa chipatala. Pakhoma apachika zipewa zambirimbiri za tsiku lomaliza sukulu, chifukwa anawo sakalamba, nde akamaliza sekondale amasamukira dera lina n'kukayambiranso. Ndinati koma abale, munthu kupatsidwa moyo wosatha n'kuuthera pobwereza Fomu 4! Mayi a kunyumba anati mkamwini wosadya ndi wosagona ngati ameneyo akhoza kutithandiza kulondera chimanga. Tinaseka mpaka mwana uja anakwiya, akuti tikuononga filimu.

Koma kuseka kunayamba kuchepa nditafunsa zaka za mnyamatayo. Akuti anabadwa mu 1901, anasandulizidwa mu 1918 ali pafupi kufa ndi mliri wa chimfine ku Chicago. Ndinawerengetsa pa zala. Ndinati, "Iwe, ameneyu si mnyamata. Ameneyu ndi wamkulu kuposa malemu agogo ako. Akufuna chiyani kwa mwana wa zaka 17?" Iye anati, "Koma nkhope yake ndi ya 17." Ndinati nkhope si zaka. Munthu amene waona zaka 100 amadziwa mawu onse oti anene kuti mwana amukhulupirire. Mwanayo alibe chimene akudziwa choti n'kumuyezera.

Kenako kunabwera za pa zenera. Edward amalowa m'chipinda cha Bella usiku, n'kuima pakona kumamuyang'ana ali m'tulo, mwini wake osadziwa. Bella atadziwa sanakuwe, sanaitane bambo ake, anangoona ngati ndi chikondi. Mwana wanga naye nkhope inawala. Ine ndinayang'ana bambo ake a Bella, a Charlie. Munthuyo ndi mkulu wa apolisi m'tauni yonse, mfuti ili m'nyumba, koma mlendo akulowa pa zenera la mwana wake usiku uliwonse iye ali pa mpando kuonera mpira. Ndinati bambo uyu ndi wogona. Mawu amenewo ndinawameza pambuyo pake, mumva.

Filimu yachiwiri ndi imene inamuliza mwana wanga usiku uja. Pa phwando la tsiku lobadwa Bella anadzicheka chala ndi pepala, kadontho kamodzi ka magazi, m'bale wake wa Edward n'kufuna kumudumphira. Edward anaganiza zomusiya kuti amuteteze, anamusiya m'nkhalango n'kupita. Bella anakhala pa mpando kuyang'ana pa zenera miyezi itatu, October, November, December, masamba kugwa, chisanu kubwera, iye ali pomwepo. Ife miyezi imeneyo ndi yogalauza, kudzala ndi kupalira. Ndinati mwana wa mlimi atakhala choncho banja lonse ligona ndi njala. Koma pansi pa mtima zinandikhudza, chifukwa chisoni chotere ndinachionapo. Mlongo wanga mwamuna wake atapita ku Joni osabweranso, anakhala pakhonde chaka chathunthu kuyang'ana kumsewu. Okonza filimuyo pamenepo sananame. Chimene chinandiopsa n'choti Bella anayamba kufunafuna ngozi dala, kuthamangitsa njinga yamoto, mpaka kudziponya m'nyanja kuchokera pa phompho, kuti mwina aone chithunzi cha Edward m'maso mwake. Ndipo filimuyo ikuonetsa ngati kuteroko ndiye kukonda kwenikweni.

Pali mnyamata wina, Jacob, wa mtundu wa eni nthaka a kumeneko. Ameneyo ndinamukonda poyamba. Wa msinkhu wake, thupi lofunda, amadya, amaseka, amadziwa kukonza njinga zamoto. Ndinati, "Uyu ndiye mkamwini, ali ndi luso la manja." Kenako naye anapezeka kuti amasanduka mmbulu, ngati zija timanena kuno za anthu osanduka afisi. Ndinati mtsikana ameneyu tsoka lake ndi lotani, m'tauni yonse mulibe mnyamata wamba? Mu filimu yachitatu Jacob yemweyo anamupsompsona mokakamiza, Bella pomumenya n'kudzipweteka dzanja. Edward naye anafika pochotsa chitsulo mu galimoto ya Bella kuti isalire, asapite kukacheza kwa Jacob. Onse awiri akuti akumuteteza. Ndinafunsa mwana wanga kuti, "Nanga iyeyo akufuna chiyani pa moyo wake, kupatula amuna awiriwa? Akufuna kudzakhala namwino? Mphunzitsi?" Anaganiza kanthawi, n'kuti, "Akufuna kusanduka namapopa kuti azikhala ndi Edward mpaka kale." Ndinati basi? Anati basi.

Ndisakhale wokondera, chilipo chimene ndinachilemekeza. Banja la a Cullen, kwawo kwa Edward, linapangana kuti silidzamwa magazi a munthu. Njala ikawapweteka amapita kutchire kukagwira nyama. Bambo wawo Carlisle amagwira ntchito m'chipatala, magazi ali m'manja tsiku lililonse, koma osalawa. Edward fungo la Bella limamuvutitsa ngati munthu wa njala ya February atadutsa pamene akuwotcha nyama, koma amadzigwira. Anakananso kugona naye asanakwatirane. Usiku umenewo nditagona ndinaganiza kwambiri. Chilombo cha m'filimu chili ndi njala yeniyeni ya magazi koma chikudziletsa. Ine munthu wobatizidwa, wopanda njala ina iliyonse ya magazi, ndinalephera kudziletsa pa msewu paja. Pa anthu tonse tinali pamenepo tsiku lija, magazi amene anatayika anatayika ndi manja athu. Namapopa sanatayepo ngakhale dontho.

Tsiku lachinayi ndi limene zinthu zinatembenuka. Bella wakwatiwa ali ndi zaka 18, apita ku chilumba cha ku Brazil, sabata zochepa ali ndi pakati. Mimbayo ikukula mothamanga, ikumudya m'kati, waonda mafupa okhaokha, mpaka akumupatsa magazi m'kapu kuti amwe. Bambo ake angouzidwa pa foni kuti mwana wanu wadwala, choona osawauza. Mayi a kunyumba anadzuka mwakachetechete n'kutuluka panja. Ndinawatsatira. Ndinawapeza ataima pafupi ndi nkhokwe akupukuta m'maso. Mng'ono wawo anamwalira pobereka ali ndi zaka 16, kalekale tisanakwatirane, ndipo ndinadziwa kuti akumbukira zimenezo. Koma iwo anati, "Si zokhazo abambo. Foni ija mukuiona ija sanatumize ndi mchimwene wake."

Ndinakhala pa mtondo. Miyezi itatu yonse ine ndinkadziwa kuti foni inachokera ku Joni pamodzi ndi ka TV. Anati inachokera kwa venda wina wogula nandolo pa msika wathu. Munthu wa zaka za m'ma 30, wa mkazi ndi ana ku tauni. Sikelo yake yomwe ija ndakhala ndikudandaula pano kuti imatibera. Ine ndinamugulitsa matumba anga chaka chino, tinagwirana chanza, anandiitana kuti "bambo". Mayi ake anazindikira sabata ziwiri zapitazo, ankasowa poyambira pondiuza chifukwa amaudziwa mtima wanga. Paja ndinati a Charlie ndi ogona? Iwo bola mlendo wawo ankalowa pa zenera mothamanga ngati mphepo. Wanga anadutsa pakhomo masana, m'thumba la yunifolomu, ine ndikuona.

Tinabwerera m'nyumba, ndinazimitsa TV. Ndinamufunsa mwana uja modekha mmene ndikanathera. Sanakane. Anati sanachite chilichonse choipa, munthuyo amangomuthandiza. Sopo, mafuta odzola, makope, mayunitsi. Anati, "Amandisamala ababa. Usiku uliwonse amaimba kufunsa kuti ndili kuti, ndili ndi ndani. Safuna ndiziyenda ndi anyamata a m'kalasi, akuti andisokoneza. Akuti adikira ndimalize sukulu." Abale, zinali ngati akundimasulirabe filimu ija. Wamkulu, wa ndalama, wolondalonda, woletsa anzake, wolonjeza kudikira. Kusiyana kwake n'koti wa m'filimu analembedwa ndi munthu amene anafuna kuti nkhani ithe bwino. Wa pa msikayu palibe akumulembera, ndipo nandolo akatha amanyamula sikelo n'kupita.

Sindikunena kuti filimu ndi imene inamupatsa chibwenzi mwana wanga, ayi. Atsikana a m'mudzi muno akhala akutengedwa ndi mavenda, a kabaza ndi obwera ku Joni kuyambira kale Twilight asanabadwe. Chimene chimawatenga ndi sopo amene ife makolo talephera kugula. Pamenepo chala chikuloza ine. Koma filimu inamupatsa dzina lokoma loitanira chinthucho. Munthu akamakulondalonda, iwe n'kumati akundikonda. Akamakuletsa anzako, iwe n'kumati akunditeteza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Usiku umenewo ndinatenga ndodo. Ndikunena zoona, inali ndodo yomwe ija ya 2017, imakhala kuseri kwa chitseko. Ndinkadziwa nyumba imene vendayo amachita lendi. Ndikanangoimba wezulo kamodzi n'kunena kuti pali munthu akuononga ana, anyamata khumi akananditsatira, ndipo mukudziwa mmene zikanathera. Ndinafika mpaka pa mjigo. Pamenepo miyendo inalemera. Ndinaona nkhope ya mnyamata wa masola uja ali pansi, dzanja lili pa khutu. Tsiku lija nanenso ndinali wotsimikiza kuti ndikuteteza ana anga. Ndinabwerera. Mayi a kunyumba anali ataima pakhomo, sananene kanthu, anangolandira ndodo ija n'kukaiponya pa moto.

M'mawa ndinachita zimene ndinayenera kuchita poyamba. Kuno kwathu mwana ndi wa kuchikazi, nde ndinapita kwa malume ake, eni mbumba. Iwo, ine ndi mayi ake tinapita kwa amfumu, tinatenganso mayi mmodzi wa gulu la amayi loona za atsikana pa sukulu. Vendayo anaitanidwa. Foni inaikidwa pa mkeka pamaso pa anthu. Amfumu anamukumbutsa kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo nkhani ya ukwati palibe. Anatchulanso za Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza imene inathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kuwabwezera kusukulu. Anamuuza kuti akadzangomvekanso, nkhani ikathera kupolisi. Ine ndili pamenepo ndinaganiza kuti taonani, chaka chomwecho chimene ife tinkathamangitsa anamapopa a m'maloto usiku, aphungu anali atasintha kale lamulo lotetezera ana athu kwa anthu enieni oyenda masana. Za anamapopa mudzi wonse unamva tsiku limodzi. Za lamuloli ambiri mpaka lero sanamve.

Munthu uja anapepesa ndi pakamwa, anatenga foni yake. Sabata yotsatira sikelo inali itachoka pa msika. Ena akuti nandolo anali atatha kale, nde musandiyamikire kwambiri.

Mwana wanga sanandilankhule masiku 12. Ndinkawerenga. Nsima ankabweretsa, madzi osamba ankaika, koma maso pansi. Ndinagulitsa mbuzi imodzi, ndinamugulira sopo, mafuta, makope ndi nsapato, zotsala ndinapatsa mayi ake kuti azisunga za iye yekha, asamasowe mpaka kukapempha kunja. Sindikudzitama, zimenezi ndinayenera kuchita kale. Tsiku la 13 madzulo anabwera yekha n'kuti, "Ababa, yatsala imodzi. Simumaliza?" Memole ija anali ataisunga.

Tinaonera yotsiriza. Bella wasanduka, maso ofiira, wamphamvu kuposa mwamuna wake, sadzakalamba. Mwana wawo akukula mothamanga. Jacob uja ndinkamuyamikira uja zapezeka kuti mtima wake wamangika pa khandalo, adzalidikira likule. Apo ndinangogwira kukamwa. Mwana wanga sanamasulire mwachangu pamenepo, anakhala chete, kenako anati, "Apapa nde ayi, zandinyansa." Ndinasangalala m'mtima koma sindinaonetse. Itatha anandifunsa kuti ndaiona bwanji. Ndinati, "Yokoma kuonera, koma ine ndamvera chisoni a Charlie. Mwana wawo yekhayo, adzakalamba, adzafa, iye ali yemweyo wa zaka 18, ndipo zoona zake zonse sanawauze." Iye anati, "Ine ndikanakuuzani." Ndinati, "Sunandiuzetu za foni." Anati, "Mukanamenya munthu." Ndinasowa choyankha, chifukwa ananena zoona. Mwana wa zaka 9 uja anaona zonse pa msewu paja, ine ndinkayesa anali pabwalo ndi mayi ake.

Kaya mumtima mwake munthu uja anatulukamo, nthawi ndi imene idzanene. Panopa akupita kusukulu m'mawa uliwonse, ndipo madzulo timacheza kuposa kale. Makolo anzanga, sindikuuzani kuti muletse ana mafilimu amenewa, simungathe, ali m'memole iliyonse pa msika. Ine chimene chinandithandiza ndi kukhala pansi n'kuonera nawo, kufunsa mafunso opusa, iye n'kumandiseka. Pa kusekako ndi pamene zinatulukira zimene zinabisika miyezi itatu. Ndipo mufunse kuti foni imene ili m'manja mwa mwana wanu anagula ndani.

Ndimalize ndi ichi. Mafilimu asanu aja anatopetsa sola yathu, inveta inapsa. Wokonza masola wodalirika dera lino ndi mmodzi yekha, ali ndi kabenchi pa msika. Zaka 8 ndakhala ndikuzungulira njira kuti ndisadutse pa benchi imeneyo. Loweruka lapitali ndinanyamula inveta ija ndekha. Anailandira, anaitsegula, anatulutsa kachipangizo kaja ka singano ziwiri, yofiira ndi yakuda. Ndinaima pamenepo thukuta lili kamukamu. Kenako ndinati, "Achimwene, tsiku lija pa msewu, ine ndinalipo. Ndodo ya kukhutu inali yanga. Ndinalakwa, mundikhululukire."

Sanatembenuke. Anapitiriza kuyeza mawaya. Ndinaganiza kuti wakana, ndipo ndinati ali ndi ufulu wokana. Mnyamata wogulitsa matumba pambali pake ndi amene anandikodola n'kuti, "Madala, mwaima mbali yolakwika. Khutu limenelo samva. Zungulirani uku."

Ndinazungulira benchi, ndinavula chipewa, ndinanenanso kachiwiri mawu omwewo, mokweza, anthu a pa msika akumva. Anaika pansi chipangizo chija, anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati, "Ndimakudziwani bambo. Ndimakuonani mukamazungulira kuseri kwa chigayo." Kenako anati inveta ndikatenge Lachitatu, ndipo mtengo wake ndi womwewo umene amalipiritsa aliyense.

Lachitatu ndipitanso. Mitambo yayamba kusonkhana ku phiri la Michesi, amene simunamalize kugalauza fulumirani. Mugone bwino nonse.